Lipoti la msonkhano wa mbiri ya mabanja: gwero la dzina la Livingstone

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndikuthokoza kuti munandituma kukaimira gulu lathu la Amalawi okhala ku Scotland pamsonkhano wa mbiri ya mabanja umene unachitikira ku Glasgow. Pa mitu yonse imene inakambidwa, ndinakhalira kwambiri pa dzina la Livingstone, popeza tonsefe tinakula tikulimva kusukulu ndi kutchalitchi, koma gwero lake sitinaphunzitsidwe.

Dzinali lili ndi mizu iwiri yosiyana. Woyamba uli ku West Lothian, dera la kuno ku Scotland, kumene malo otchedwa Livingston anatengera dzina kwa munthu wina, Leving, amene anakhalako m'zaka za m'ma 1100, monga momwe ifenso timatchulira mudzi ndi dzina la mwini wake.

Muzu wachiwiri, umene unandikhudza kwambiri, uli kumapiri ndi kuzilumba za kumadzulo, pakati pa anthu olankhula Chigaeliki amene chiwongo chawo chinali MacLea. Akatswiri ena amati dzinali limatanthauza mwana wa sing'anga, ena amati linachokera ku dzina la kholo lawo, Dunsleve. M'kupita kwa nthawi anthuwa anayamba kulembedwa kuti Livingstone, dzina limene linali losavuta kwa olankhula Chingerezi. Likulu lawo ndi chilumba cha Lismore, kumene banja la mtsogoleri wawo limasunga mpaka lero ndodo ya Moluag woyera, mlaliki wa Chikhristu amene anamwalira mu 592. Anationetsa chithunzi chake: kandodo kakafupi, kakuda, kokhota kumutu, kotsala ndi tizidutswa ta mkuwa umene unakakutira kale. M'holo monse munangoti zii.

David Livingstone ndi wa muzu wachiwiriwu. Agogo ake aamuna, a Neil, anasamuka pachilumba cha Ulva mu 1792 kupita ku Blantyre wa kuno ku Scotland kukagwira ntchito kufakitale ya thonje, ndipo kumeneko ndi kumene David anabadwira pa 19 Malichi 1813. M'makalata ake oyambirira ankasaina kuti Livingston, popanda chilembo chomaliza chija. Mwa kuona kwanga, n'zofunika kuti ana athu adziwe kuti munthu amene timamukumbukira ndi Livingstonia ndi mzinda wa Blantyre ku Malawi anachokera kubanja losauka limene linasiya chilumba, chilankhulo ndi dzina la makolo pofuna podyera.

Ndikupempha komiti kuti ikambirane zokonza ulendo wokaona nyumba imene iye anabadwira ku Blantyre, ndiponso kuti patsikulo membala aliyense adzafotokozere ana gwero la chiwongo chake.