Dipuloma ya kanema isamathere m'kope

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhulepo pa maphunziro a utolankhani ndi kujambula kanema, poti ana amene amaliza Fomu 4 ali kalikiliki kufunafuna makoleji, ndipo makolo kuno ku Mchinji ayamba kale kuwerengera matumba a mtedza ndi soya oti agulitse.

Ine si mtolankhani. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya ziliza kuno kwa Kamwendo, nthawi zina mpaka ku Mkanda ndi ku Kapiri. Ntchitoyi ndinaidziwa ponyamulira mnzanga chikwama cha kamera. Ndiye mwana wa mlongo wanga atanena kuti akufuna kukaphunzira za kanema m'tauni, ndinali woyamba kuvomera. Monga mwinimbumba ndinasonkhako fizi, mumtima ndikuti akabwerako adzandiwongola pa zimene ine ndimangochita mwa chizolowezi.

Patatha zaka ziwiri anabwera ndi dipuloma yake. Loweruka lina ndinamutenga ku ukwati n'kumupatsa kamera yachiwiri. M'tchalitchi anakaima kutsogolo, n'kuloza kamera kukhomo kumene dzuwa limalowera. Akwati polowa anaoneka bii ngati zitsa zopserera, diresi loyera lija osadziwika n'komwe. Ku holo, nthawi ya perekaniperekani, anakaima pafupi ndi sipika ya oimbitsa nyimbo, moti mawu a ankhoswe, amene eni ukwati amawafuna kuposa china chilichonse, anangomveka phokoso lokhalokha. Usiku tikuonera pa laputopu sindinamukalipire. Anayamba yekha, misozi ili chuchuchu: "Malume, kamera tinkangoiona. Inalipo imodzi, aphunzitsi ankaitulutsa m'kabati, kutionetsa mabatani, n'kuibwezeramo."

Makope ake ndinawaona. Odzaza, olembedwa mwaukhondo: mbiri ya nyuzipepala, malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu, khalidwe la mtolankhani. Zimenezi sindikuzinyoza ayi. Ndi iyeyo amene anandiletsa kuika pa Facebook kanema wa maliro ena eni ake asanalole, ndipo anandipulumutsa ku mlandu wa kwa amfumu. Koma sukulu imene imalemba pa chikwangwani kuti imaphunzitsa kukonza mapulogalamu a pa kanema, mwana n'kutulukamo asanadziwe kuti dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwa wojambula, yagulitsa pepala basi.

Tikumbukire kumene tachokera. Wailesi ya MBC inayamba mu 1964, koma kanema wathuwathu, Television Malawi, anayamba mu 1999. Masiku amenewo wofuna ntchito ya kanema ankayang'ana khomo limodzi lokha ku Blantyre. Lero kuli Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ku Balaka ndi ena amene timaonera pa Kiliye Kiliye. Komabe nyumba zimenezi sizingalembe ntchito mwana aliyense wotuluka m'koleji. Ambiri adzadya za m'manja mwawo: kujambulira makwaya, oimba, mipingo, mabungwe, maukwati, kapena kuika zawo pa YouTube ndi TikTok. Kumeneko munthu umakhala wekha. Kamera ndiwe, mawu ndiwe, kudula ndi kulumikiza zithunzi pa kompyuta ndiwenso, ndipo magetsi akathima uyenera kudziwa kuti mabatire ako akufikitsa pati. Pa zaka zonse ndagwira ntchitoyi palibe kasitomala anandifunsapo satifiketi. Amangoti, "Tationetseni zimene munajambulapo."

Sukulu zodziwika bwino zilipo. MUBAS, imene tinkaitcha Polytechnic mpaka 2021, imaphunzitsa utolankhani. Malawi Institute of Journalism ili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ili ndi wailesi yakeyake. Ku Zomba kuli University of Malawi, imene ambiri timaitchabe Chanco, ndi wailesi yake, ku Lilongwe kulinso African Bible College. Kumene kuli situdiyo yeniyeni mwana amazolowera maikolofoni adakali pasukulu. Vuto ndi lakuti malo ndi ochepa, ndipo zonsezi zili m'mizinda. Mwana wa kwa Mavwere amene sanasankhidwe, kapena amene makolo ake sangathe fizi pamodzi ndi lendi ndi chakudya cha m'tauni, amakathera ku timakoleji ta pamwamba pa masitolo, kumene chikwangwani n'chachikulu kuposa kalasi.

Kwa makolo anzanga, cholakwa changa chinali kulipira ndisanapondepo phazi. Pitani nokha. Funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe la NCHE, loona za maphunziro a ukachenjede, kapena la TEVETA, loona za maphunziro a ntchito zamanja. Kenako nenani kuti akulowetseni m'chipinda chojambulira, muwerenge makamera ndi makompyuta ndi maso anu, mufunsenso kuti m'kalasi muli ana angati. Pemphani kuonera kanema amene ophunzira a chaka chatha anakonza. Akayamba kuzemba, akuti wosunga makiyi watuluka, nyamukani ndi ndalama zanu.

Pempho langa lalikulu likupita kwa oyendetsa maphunziro a ntchito zamanja. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso m'maboma, kumene ana amaphunzira ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka ndi kumanga. Kodi kugwira kamera, kutchera mawu ndi kulumikiza zithunzi si ntchito yamanja? Ine ndikuti ndi yamanja ndithu, ndipo zipangizo zake zoyambira, kamera zingapo, maikolofoni, sitandi ndi makompyuta, sizoti boma lingazilephere. Kuno tilinso ndi wailesi ya Mudzi Wathu, imene ingalandire ana pa atachimenti osafuna kuti akachite lendi ku Area 25. Mwana atagwira chaka chathunthu chotere, wofuna digiri apite m'tauni manja atazolowera kale.

Zojambula ndiye sizisowa. Mathiraki ndondondo pa chipata cha Mwami, ingoma kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, gule wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, alimi akukangana ndi mavenda pa sikelo nthawi yokolola. Zonsezi zimadikira kuti galimoto ya atolankhani ichoke ku Lilongwe, ndipo kawirikawiri imabwera kukabwera nduna kapena kukachitika ngozi.

Ndiwonjezepo kamodzi za chiyankhulo, chifukwa kanandidabwitsa. Mwana wa mlongo wanga uja amalemba Chingerezi chosalala, koma tsiku lina tikujambula agogo ena kuti afotokoze mbiri ya mudzi wawo, anangofikira kuwaloza maikolofoni kukamwa ali chiimire, n'kuyamba kufunsa mafunso omasulira m'mutu kuchoka m'Chingerezi. Agogo aja anangoti "kaya" n'kuyang'ana kumbali. Tinachita kuyambiranso: kukhala pansi, malonje, kufunsa za mvula ndi za miyendo yawo, kamera ili pambali. Patapita kanthawi anayamba okha kulakatula mayina a mafumu mpaka khadi inadzaza. Anthu amene ana athuwa adzawajambule ndi kuwaulutsira mawu ambiri amayankhula Chichewa, ndiye kufunsa mafunso m'Chichewa kuzikhala phunziro loyesedwa mayeso, osati chinthu chongoganizira kuti mwana anabadwa nacho.

Pano ndili naye mwezi wachisanu ndi chimodzi. Sabata yatha pa chinkhoswe ku Kapiri ndinamuona akusuntha mpando wa mkwatibwi kuuchotsa pawindo, kenako n'kukapempha woimbitsa nyimbo kuti alumikize waya wathu ku makina ake kuti mawu alowe mwachindunji. Sindinamuuze kanthu. Koma ngongole ya fizi ija mlongo wanga akubwezabe ku banki m'khonde.

Wojambula maukwati,
Kamwendo, Mchinji