Tiphunzitse ana athu kupempha ndi kufunsa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za achinyamata a kuno ku Chipata amene mwayi ukuwadutsa chifukwa choopa kukanidwa. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, gawo lina la ndalamazi limalipirira ana ovutika m'sukulu za sekondale zogonera komweko, ndiponso achinyamata ofuna kuphunzira ntchito zamanja monga ukalipentala, zomangamanga ndi utelala. Wofuna thandizoli amalemba fomu n'kuipereka ku komiti ya chitukuko ya m'wadi mwake, ya WDC ija. Koma mukafunsa anyamata amene amaswera pamsika wa Kapata ngati analembapo, ena amayankha kuti, "Amangosankha abale awo," chonsecho fomuyo sanaigwirepo n'komwe. Sindikunena kuti kukondera kulibe, koma munthu amene sanapemphe sanganene kuti anamanidwa.

Manthawa timawadzala tokha m'makomomu. Mwana akamalankhula ndi wamkulu timamuuza kuti aweramitse mutu, ndipo akafunsa chifukwa chake timati ndi wamwano. Kwa atsikana ndiye zimanyanya, popeza malangizo ambiri amene amalandira akakula ndi a kugwada ndi kufatsa. Ndinaona mtsikana wina pakhomo la ofesi ina m'tauni muno, envulopu ili m'manja, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Mlembi atangomuuza kuti, "Abwana kulibe," iye anapinda mawondo, nati zikomo, n'kutembenuka. Sanafunse tsiku limene abwanawo adzapezeke, ngakhalenso ngati angasiye mapepala akewo, moti ulendo wonse ndi ndalama ya basi zinangothera pa mawu awiriwo.

Ena adzati ndikufuna kuphunzitsa ana chipongwe, koma chikhalidwe chathu sichinaletsepo munthu kudzilankhulira. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kwa mfumu amadziwa kuti wodandaula amawomba m'manja, amakhala pansi, kenako amafotokoza nkhani yake yonse osasiyako kanthu, ndipo nduna zikamupanikiza ndi mafunso amayankha mosabwerera m'mbuyo. Ife tatolapo kuwomba m'manja kokha n'kusiya kulankhulako. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kulimba mtima kumabwera ndi kuzolowera, ndipo kumayambira pa zazing'ono. Mwana wotumidwa kukagulitsa soya kapena nshawa aphunzire kuuza wogula kuti akufuna kuona sikelo ndi maso ake. Wofunsira malo akakanidwa aphunzire kunena modekha kuti, "Pepani bambo, chimene chasowa pa mapepala angawa n'chiyani?" Nthawi zina chimakhala chinthu chochepa, monga kopi ya chiphaso cha unzika (NRC) kapena siginecha imene yaiwalika, chimene angathe kukonza ulendo wotsatira.

Ndikupempha makomiti a m'mawadi kuti aliyense amene sanasankhidwe azimuuza chifukwa chake polemba. Aphunzitsi aakulu nawonso apatule nthawi m'temu yomaliza ya ana otsiriza sekondale yoti aziyeserera kulowa mu ofesi, kunena dzina lawo momveka, kufotokoza chimene abwerera, ndi kufunsanso funso lachiwiri akauzidwa kuti abwere mawa.

Ine wanu,
Kholo lokhudzidwa,
Kapata, Chipata.