Kalata yochokera ku Ulongwe

Mnzanga Nambewe,

Kalata yako yandipeza, anabwera nayo mlamu wako wa thiraki uja. Tsamba lonse wangodandaula za kuzizira kwa ku Joni, ngati sunakulire kuno ku Angónia kumene mu June timagona mbaula ili pambali. Ndalama zakufewetsa khungu, mnzanga.

Yohane wanga akupita kunyanja ku Cahora Bassa, wapeza ntchito pa boti la kapenta. Amagwira usiku ndi nyali, masana ndiye kugona, ndipo akuti anyamata amangoyala thumba pansi pa mtengo. Kumeneko ukukudziwa, dothi lotentha, zinkhanira, njoka. Ndiye ndikumusokera machira omangirira pamitengo iwiri, oti akadzuka azipinda n'kuponya m'chikwama.

A Chisale ankati ndingolumikiza makapulana awiri. Ndinakana. Munthu wamtali ngati Yohane afunika nsalu ya mamita 3, kapulana imodzi siifika, ndipo ukalumikiza msoko umagwera pakati, pomwe thupi lonse limalemera. Ndinagula nayiloni, mamita 3 m'litali, mita ndi theka m'lifupi. Kuterera kwake! Imathawa pansi pa singano, mpaka ndinayamba ndaigwiriza ndi ulusi wa pamanja. M'mbali ndapinda mpendero kawiri. Kumapeto konse kuwiri ndapinda mokulira kusiya njira yolowera chingwe, n'kusoka mizere itatu ndi ulusi wa poliyesitala, poti wa thonje umavunda ukamanyowa.

Mizere itatu imeneyi ndiyo yandilanda tulo. Mwana wanga yense azilendewera pa ulusi wanga, Nambewe. Ndikatseka maso ndimaona ulusi ukuduka iye ali mtulo, wagwa chagada pamwala, msana wathyoka, anzake akusowa galimoto yothamangira naye kuchipatala ku Songo, ine kuno ndikusenda mbatata osadziwa kanthu. Ndiye unganene kuti onjezera mizere. Sizitheka. Nayiloni ukaisoka mothinana, singano imaboola timabowo tondondozana, nsalu n'kung'ambikira momwemo. Ndimadzuka usiku kukakoka msoko uja ndi manja onse awiri, n'kubwerera kukagona mtima uli m'mwamba.

A Chisale anayesa pa mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba. Akuti chingwe usakoke gwa, chizigwa pang'ono, ndipo munthu agone mopingasa, msana ndi pomwe umawongoka. Anagona mpaka mkonono, msoko osasuntha. Koma iwo aja ndi owonda, amuna ako akanakhalapo ndiye tikanadziwa zoona.

Ndawonjezera chingwe china pamwamba chokolekapo neti. Udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi sindiwukhulupirira, ndipo umaluma ndi pansi pomwe, kuboola nsalu. Pamenepo sindinapeze nzeru, mwina aziyala kapulana mkati.

Estere anachira, mwana wamkazi. Agogo ake a Fatsani tinaika mwezi watha, anthu anadzaza. Singano za makina zomwe akugulitsa pamsika masiku ano n'zachabe, zimapindika zikangofika pa mpendero wokhuthala, mtengo wake ndiye usanene. Mlamu wako akamabwerera umupatsireko paketi, ndi ulusi wolimba wakuda.

Yohane anyamuka Loweruka. Sakuoneka wamantha, amangoseka n'kumati amayi mwasoka bwino. Ndimafuna ndikufunse za ng'ona, poti iwe unakhalako ku Songo, ngati zimatuluka kumtunda mpaka pomwe anthu amagona, komanso mvuu usiku, koma pepala landithera.

Ndine mnzako,
Naphiri