Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Mufakose, Harare

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndakhala chete nthawi yonseyi chifukwa ndinagonekedwa m'chipatala.

Zinayamba ndi ululu kumsana, m'munsi mwa nthiti zakumanzere, wotsikira kuchinena. Ndinkangoti ndi matumba a mbatatesi omwe ndimasenza ku Mbare Musika. Usiku wina thupi linatentha, ndili njenjenje, kusanza osaleka, moti mayi a kunyumba anachita kudzutsa aneba kuti atithamangitsire kuchipatala.

Atandiunika ndi makina a ultrasound anapeza impso yakumanzere itatupa, mkodzo utadzazamo. Adokotala anandijambulira papepala. Impso iliyonse ili ndi kanjira kotsitsira mkodzo m'chikhodzodzo, amati ureter, kotalika masentimita 25 mpaka 30 koma kopyapyala ngati phesi la udzu. Kangako kanatsekeka. Kwa ambiri chimatseka ndi kamwala kochokera mu impso, ndipo kakachepera mamilimita 5 kawirikawiri kamatuluka kokha. Kwa ena ndi chotupa chopanikiza kunja, monga khansa ya khomo la chiberekero. Koma CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi, sinapeze mwala. Ine chandipweteka ndi likodzo.

Mukulikumbukira damu la pafamu ku Mazowe lija, tinkasambamo tikamachokera koweta ng'ombe? Tonsefe tinkakodza magazi, akuluakulu n'kumati anyamata akukula. Mazira a tinyongolotsi toyambitsa likodzo amakanirira m'khoma la kanjirako, pakapita zaka pamachita chipsera n'kuphinjika. Praziquantel, mankhwala a likodzo, amapha nyongolotsi, koma chipsera sachotsa.

Anandipatsa mankhwala pa diripi, kenaka anandilowetsa kapaipi kofewa, stent, kudzera m'njira ya mkodzo osang'amba paliponse. Zikanakanika akanaboola kumsana kuti mkodzo uzitulukira m'thumba. Kamandikodzetsa pafupipafupi, nthawi zina timagazi, koma kutentha thupi kunatha. Anandiuza motsindika kuti kasaiwalike m'kati, kakakhalitsa kamamera miyala. Mwezi wamawa adzadula pamalo pophinjikapo n'kulumikizanso.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi, achimwene: impso imatha kufa mwakachetechete inzake ikugwira ntchito, munthu osamva kanthu. Inu munkasamba damu lija kuposa ine. Chonde pitani akakuyezeni mkodzo, magazi a creatinine (osonyeza mmene impso zikugwirira ntchito), ndipo akakuunikeni impso zonse ziwiri. Mukawauze za likodzo ngakhale asakufunseni.

Mundiyankhe mukangochokako. Moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa kalekale.