Kalata ya ku Joni: wilibala yanga yalowa m'chuma cha masiye

Aise,

Kalata yako ndinailandira pamodzi ndi nsapato zija. Yakumanzere ikundithina, komabe zikomo. Kuno tilipo, kaya iwe ndi chisanu cha ku Johannesburg.

Za maliro a aphunzitsi athu a masamu aja unamva kale. Chimene sunamve ndi zomwe zinachitika m'meto utangotha. Abale awo anatulukira ndi lole kuchokera kumudzi, ati adzatenga "za m'bale wathu". Firiji, masofa, njinga yamoto, makina osokera a akazi awo, ngakhale mbaula. Mayi anangokhala pamkeka kumayang'ana, ana ali pambali. Ndiye mu lolemo munakweranso wilibala yanga.

Eya, yobiriwira ija, imene ndinawabwereka aphunzitsi kuti atutire mchenga. Pano akuti ndi chuma cha masiye. Ndinapita kwa mwini mbumba wawo kukadandaula, iwo n'kundifunsa lisiti. Lisiti la wilibala! Amasunga ndani? Tayala lake ndinali nditangosintha kumene. Usiku tulo sitibwera, ndimangoganiza kuti ikututa manyowa a munthu amene sanaiperekere ngakhale tambala. Mlamu wako akuti pamaliro amenewa amasiye tilipo awiri.

Seka, koma za mayi aja zikundipweteka mtima. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lili kumbali yawo. Munthu akamwalira osasiya wilo, chikalata chonena mmene chuma chake chidzagawidwire, oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, osati achimwene kapena amalume, ndipo katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo. Kulanda ndi mlandu woti munthu atha kukaseweza nawo zaka 10 kundende. Koma iwo akuopa kuti akapita kupolisi, anthu adzati akumangitsa alamu awo misozi isanaume. Ndinawauza kuti atenge kalata ya imfa, ayambire kwa DC, bwanamkubwa wa boma, poti ngakhale ndalama za kubanki sizingotuluka popanda mapepala osonyeza amene wapatsidwa mphamvu yoyang'anira chumacho. Anangoti "chabwino bambo", mawu ake ofooka.

Tsopano iweyo. Nyumba ya ku Area 25, imene ukutumizira ndalama za simenti mwezi ndi mwezi, mapepala a puloti ali m'dzina la ndani? Ndamva kuti la achimwene ako aakulu. Ndi munthu wabwino, sindikukana, koma nawonso ali ndi mkazi ndi ana. Iwo atatsogola, pamapepala nyumbayo ndi ya banja lawo. Iwe utatsogola, mayi a kwanu adzaloza chiyani? Malisiti a simenti? Ukabwera pa Khirisimasi ukasinthitse dzina.

Ndipo lemba wilo. Ulembe papepala momveka kuti chakuti ndi cha uje, usaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Mbonizo zisakhale anthu amene ukuwasiyira kanthu. Ndikudziwa uti ndikukuitanira imfa. Aphunzitsi nawonso ankatero. Ine umboni nditha kukuikira, bola usandisiyire kalikonse. Kapena ayi, undisiyire wilibala, mboni upeze ina.

Zina, mlongo wanga wa ku Zomba uja wachira, mapasa, onse aamuna. Msuweni wako wa minibasi anakwatira mwezi wathawu, nyama inatha ife tisanafike pamzere. Shuga wakweranso mtengo.

Magetsi azima, ndikulemba ndi tochi ya foni ndipo batire likulira. Ndimafuna ndikuuzenso za dimba la kumudzi lija. Limenelo ndi la mbumba, sungangolilemba mu wilo ngati njinga, ndiye amalume ako atamva kuti ukufuna kudzalamo nthochi, anapita kwa amfumu n'kukanena kuti