Asiyeni kuphunzirira kuika injini pa galimoto za eni

Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za anthu amene mkati mwa sabata amagwira ntchito zina, koma likafika Loweruka amavala ovolosi n'kusanduka amakaniko. Kusintha mapulagi kapena oilo ndilibe nako mawu. Ine ndikunena za kuika injini.

Ndili ndi Probox imene imanyamula anthu ndi mbatata pakati pa Dedza ndi Lilongwe. Injini yake itatha, mayi a kunyumba anatenga ngongole ku banki mkhonde, ine ndinagulitsa ng'ombe, tinagula injini ina, ya mtundu wa 1NZ, yochokera ku Japan. Mlamu wanga, kalaliki wokonda zamagalimoto, anati: "Alamu, musakataye ndalama ku galaja. Ndaonera pa YouTube, mabawuti ake ndi owerengeka." Ndinavomera, poti kumukana pamaso pa mlongo wake kunandivuta.

Tinapachika injini mu mtengo wa mango ndi tcheni chobwereka. Poitsitsa, inakana kukumana ndi giyabokosi. Panatsala kampata kolowa chala chimodzi. Ndinakaona ndi maso angawa ndipo ndinafunsa. Anandiyankha kuti mabawuti akoka okha. Anavekera paipi ku sipanala n'kuyamba kumanga mosinthanasinthana, thukuta kamukamu, mpaka mkatimo munamveka kuti thwa! Iye amvekere, "Basi, yakhala."

Sinakhale ayi, Mkonzi, chinathyoka chinthu. Probox yanga ndi ya otomatiki, ndipo pakati pa injini ndi giyabokosi pamakhala chimbiya chachitsulo chimene amachitcha torque converter. Chimenechi chimayenera kulowa kaye ku giyabokosi, ukuchizunguza ndi kuchikankha pang'onopang'ono mpaka chitalumana ndi pampu ya oilo, kenako ndiye injini ibwere. Mlamu wanga anachimangirira ku injini n'kukankha zonse pamodzi. Chinalira chija inali pampu. Injini inalira bwinobwino, koma kuika giya galimoto osasuntha ngakhale phazi limodzi.

Kampata kameneko kakundisowetsa tulo mpaka lero. Mwana wa chaka choyamba ku Lilongwe Technical College kapena ku Soche angakuuzeni kuti injini ndi giyabokosi zimakumana ndi manja okha, zikakana ndiye kuti chilipo chapinga, bweza uone. Mabawuti ntchito yake ndi kugwira, osati kukoka. Nanga munthu wamkulu, wa ana ake, chitsulo chikukana iye n'kumathamangira paipi, nzeru zimenezo? Kampata kolowa chala kandidyera giyabokosi, kandidyera masabata 5 galimoto ili pa miyala, kandidyera fizi ya mwana wa Fomu 3. Amayi a ku banki mkhonde afika pakhomo kawiri, ndipo wochita manyazi ndi mkazi wanga, osati mlamu wangayo. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo ndadya ndine.

Makaniko wa mapepala ake atabwera, anangogwira pakamwa. Waya wa earth wochoka ku injini kupita ku bodi unali lendelende, ndiye moto wa sitata unkadzifunira njira yake, kebulo ya giya mpaka inapsa khungu. Mabawuti awiri a mounting, pomangirira injini ku bodi, anali omanga ndi zala. Mu rediyeta mlamu wanga anathira madzi a pa mjigo osatulutsa mpweya, chimene chimawiritsa injini n'kupsereza gasiketi. Oilo, 1NZ imamwa malita pafupifupi 3.7 pamodzi ndi fyuluta, iye anakhuthula chigubu chonse cha malita 5, akuti yambiri ndiyo yabwino, osadziwa kuti ikachuluka imachita thovu ndipo imaphulitsa masilo. Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, alibe, sanaigwirepo. A Toyota analemba mlingo wa bawuti iliyonse, koma iye mlingo wake ndi mphamvu za nsima imene wadya tsiku limenelo.

Taganizani pampuyo ikanapanda kuthyoka. Galimoto ikanatuluka Lolemba m'mawa itadzaza anthu, n'kukatsetsereka ku Linthipe injini ikugwedera. Bwenzi lero mukulemba za ine pa tsamba loyamba, ndipo aliyense akanati dalaivala amathamanga.

Ndipo matendawa si a magalimoto okha. Foni yatipatsa mtima woti palibe ntchito yofuna kuphunzira. Uyu waonera kanema wa mphindi 10, mawa akuika mawaya a magetsi m'nyumba mogona ana. Uyo akubaya nkhumba za eni mankhwala. Pomwe anyamata amene anakhala zaka m'masukulu a ntchito zamanja, n'kulemba mayeso, akungokhala pansi pa mtengo kudikira kasitomala, ife tikuwathawa ati ndi odula. Kanema wa pa foni samva kulemera kwa chitsulo, ndipo woujambulayo sadzabwera kudzakulipirani mukaphwanya.

A Road Traffic, chonde tithandizeni: galimoto yonyamula anthu ikasinthidwa injini, isapatsidwe COF, chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, popanda kalata ya makaniko wa satifiketi amene waiona. A TEVETA nanunso tsegulani maphunziro a Loweruka a anthu okonda sipanalawa, adzaphunzire kaye pa injini zakufa. Chitani msanga, chifukwa Loweruka lathali ndamuona mlamu wanga ali chagada pansi pa Sienta ya aneba, ndipo Sienta imeneyo imanyamula ana a sukulu.

Wokhumudwa,
Dedza