Tisindikizireni nthano zosewera patebulo

Akonzi,

Ndine mphunzitsi ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo Loweruka madzulo ndimasewera ndi anyamata ndi atsikana masewero a nthano a patebulo. Mmodzi amasimba nkhani, ena onse aliyense amatenga munthu wake m'nkhanimo, ndipo dayisi ndiye amagamula ngati zimene munthu wayesa zatheka. Masewero amtunduwu anatchuka ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Mabuku ake ndi odula, ali m'Chingerezi, ndipo zilombo zake ana athu sazidziwa.

Ife tinalemba athuathu m'kope la sukulu. Wosimba akati "Padangokhala," onse amayankha "Tili tonse," basi ulendo wayamba. Wina amakhala Kalulu, wina Fulu, wina mlenje wosochera popita ku Kaphirintiwa. Mtsikana wina atatenga Kalulu anagulitsa Fisi mthunzi wa mtengo wa mbawa, dayisi n'kugwa pa 6, Fisi n'kulipira mbuzi. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Za Gule Wamkulu ayi, sitiziika m'masewerowa. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo olemba anzanga asamazitole ngati zokometsera nkhani.

Pempho langa n'lakuti muzitipatsa kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, kosindikizapo ulendo umodzi waufupi ndi malamulo ake. Nyuzipepala yanu imatifika kuno kudzera pa Dedza, ndipo imodzi imawerengedwa ndi anthu ambiri. Ulendo woyamba ndikutumizirani ine.

Mphunzitsi wa pulayimale,
Ulongwe, Tete